Momwe mungathanirane ndi chiswe ngati nyumba yanu ili m'mbali mwa phiri

Chaka chatha ndinapita kukathandiza achemwali anga kusuntha katundu m'nyumba yawo, yomwe ili m'mbali mwa phiri la Soche mu mzinda wa Blantyre. Titakankha kabati ya m'chipinda chakumbuyo, ndinatsamira felemu ya chitseko, ndipo chala changa chinangolowa m'thabwamo ngati ndatosa chinangwa chophika. Kunja penti inali yosalala bwinobwino. Mkati munali dothi lokhalokha ndi timakoko ta thabwa topyapyala ngati ta anyezi. Achemwali anangogwira pakamwa, chifukwa nyumbayo ndi yomanga okha, ndipo si yakale.

Titazungulira kuseri tinapeza gwero lake. Dothi lochokera kumtunda linali litagumukira pakhoma pang'onopang'ono, mvula ndi mvula, mpaka kukwirira maziko onse. Chiswe chinadzera mmenemo, pansi pa pulasitala, osaonekera kwa munthu aliyense.

Nyumba zambiri za ku Soche, Chilobwe, Ndirande, Bangwe, komanso za m'munsi mwa phiri la Zomba ndi la Dedza, zimamangidwa mofanana. Amisiri amasema phiri mbali ya kumtunda, dothi lokumbalo n'kulithira kumunsi kuti malo alingane. Zikatero khoma lakumbuyo limayang'anizana ndi chigumu cha dothi, ndipo madzi onse otsika m'phiri amafikira pomwepo. Chiswe ndi kachilombo ka thupi lofewa, kamene kamafa msanga kakakhala padzuwa kapena pamphepo youma. N'chifukwa chake chimayenda pansi, ndipo chikafuna kukwera khoma chimadzimangira kanjira kofolera ndi dothi. Chikapeza khoma lomwe ndi lonyowa miyezi yonse ya dzinja, chapeza kwawo. Ndiye musanaganize zogula mankhwala, ganizirani za madzi. Ambiri timayambira kugolosale ya mankhwala, n'kumadabwa kuti chiswe chabweranso chaka chotsatira.

Poyamba: yenderani nyumba ndi tochi

Tengani tochi, sikuludiraiva ndi choko. Yambirani panja, ku khoma loyang'ana kumtunda, ndipo yendani pang'onopang'ono mutawerama. Mukufuna timizere ta dothi tonenepa ngati pensulo, tokwera kuchokera pansi kulunjika kudenga. Timakonda kubisala m'makona, kuseri kwa mapaipi a madzi, pansi pa masitepe ndi pomwe khonde lakumana ndi nyumba. Mukakapeza, thyolani pakati pang'ono n'kulemba chizindikiro ndi choko. Mukabwerako pakatha masiku awiri kapena atatu n'kupeza pamatidwanso, dziwani kuti eni ake alipo ndipo ali pantchito.

Kenako lowani m'nyumba. Gogodani mafelemu a zitseko ndi mawindo, timatabwa ta m'munsi mwa khoma, ndi kumbuyo kwa makabati. Thabwa lamoyo limalira molimba, pomwe lodyedwa limalira ngati chigubu chopanda kanthu. Penti yotupa ngati yapsa ndi moto, chitseko chomwe chayamba kuvuta kutseka popanda chifukwa, siling'i yomwe yayamba kugwa mimba, zonsezi muzikayikire. Ngati n'kotheka kwerani m'denga masana, muyang'ane makamaka pomwe mitengo yatsamira pakhoma. Pondani pamitengo yokhayo yomwe mwaigogoda kale.

Nthawi ya mvula zoyamba yang'ananinso za ngumbi, zomwe ena amati inswa. Zikamabwera kuchokera kuchulu cha kutali n'kumazungulira babu ya pakhonde, imeneyo ndi ndiwo, tengani beseni. Koma zikamatulukira pamng'alu wa simenti ya pansi m'nyumba mwanu, kapena mukapeza mapiko ataunjikana pawindo mkati mwa chipinda chomwe chinali chotseka, ndiye kuti mudzi wa chiswe uli pansi panu penipeni. Ngumbi ndi chiswe chomwecho, chimene chimauluka kukayambitsa midzi yatsopano.

Chinthu chimodzi chimasokoneza anthu. Mukaona timabowo tating'ono tozungulira pathabwa, pansi pake pali ufa wosalala, chimenecho si chiswe cha m'dothi ayi, ndi tizilombo tofukula matabwa. Mankhwala othira pansi satigwira. Chiswe cha m'dothi chimasiya dothi paliponse pamene chadutsa.

Chachiwiri: musachibalalitse

Mukangochipeza, mtima umafuna kuphwasula timizere tonse n'kupopera Doom kapena kuthira parafini. Dikirani kaye. Chomwe mwaphacho ndi antchito ochepa chabe, pomwe manthu wawo ali pansi akuikira mazira. Mwa mitundu ya chiswe yomanga zulu zikuluzikulu, manthu mmodzi amatha kuikira mazira oposa 20,000 tsiku limodzi. Otsalawo amangosiya njira imeneyo n'kukatulukira pena pamene simukupadziwa. Siyani timizereto mpaka tsiku lothira mankhwala, chifukwa ndi timeneti tikuonetseni polowera.

Chachitatu: patutsani madzi ndi dothi pakhoma

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo yambiri ndi ya khasu, fosholo ndi wilibala.

Chotsani dothi lonse lomwe latsamira khoma lakumbuyo mpaka maziko aonekere masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka. Mpata umenewu suletsa chiswe kukwera, koma umachikakamiza kumanga kanjira kake poyera pomwe inu mungakaone. Ngati pakati pa nyumba ndi chigumu pali pothinana, kulitsani kuti munthu azitha kudutsa ndi tsache. Pomwe chigumucho chimagumuka chaka ndi chaka, pamafunika khoma lotchinga dothi, la miyala kapena njerwa zootcha, loima palokha osagundana ndi nyumba. Mmisiri asiye timabowo m'munsi mwake totulutsira madzi, ndipo kuseri kwake athire miyala yoswa. Khoma lopanda timabowo limasunga madzi kuseri ngati damu, kenako limadzagwa.

Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopingasa, yolandira madzi otsika m'phiri n'kuwalambalalitsa m'mbali mwa nyumba kupita ku ngalande ya msewu. Kambiranani ndi anansi a kumunsi musanakumbe, chifukwa madzi amene mwawapatutsa kwanu akagwera pakhoma la mnzanu, mwangomusamutsira vuto. Madzi a padenga nawo asamagwere m'mphepete mwa maziko. Ikani magata, kapena wakani kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba, kopendekera kunja. Mpopi wodontha kuseri kwa khitchini, paipi ya kubafa yongotayira madzi pansi, thandala lotsukira mbale logundana ndi khoma, zimenezi zimamwetsa chiswe ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Ntchito yokumbayi ichitike m'chilimwe. Amene anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Manja mu Malichi 2023 akudziwa momwe dothi la m'phiri limakhalira likakhuta madzi. Musaseme chigumu kapena kukumba m'mbali mwa maziko mvula ili mkati.

Pomwepo chotsaninso chakudya cha chiswe. Akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika, ndipo ndi zoona ngakhale pa mphasa yeniyeniyo. Nkhuni zounjika kuseri kwa nyumba, matabwa otsala pomanga, makatoni a m'sitolo, matumba a makala, mpanda wa udzu kapena wa nsungwi wogunda khoma, zonsezi zitalikirane ndi nyumba ndipo zikhale pamwamba pa njerwa kapena miyala. Zitsa za mitengo zizulidwe ndi mizu yomwe. M'nyumba, kabati isagundane ndi khoma lakumtunda. Siyani kampata kolowa dzanja ndi kuwala kwa tochi.

Chachinayi: nkhani ya chulu

Ngati pali chulu pafupi, anthu ambiri amaitana anyamata kuti akumbe mpaka apeze manthu. Nthawi zina zimathandizadi, makamaka chulu chikakhala chaching'ono ndipo chili kutali ndi maziko. Koma musakhulupirire kuti nkhani yathera pomwepo. Pali mitundu ina ya chiswe yomwe simanga chulu chooneka, imakhala m'timapanga pansi pa nthaka kapena m'zitsa zokwiririka, ndipo imadya nyumba chimodzimodzi. Komanso chiswe chimayenda mamita ambirimbiri pansi kufunafuna chakudya, kotero chulu chomwe chikukuvutitsani chikhoza kukhala pa poloti ya munthu wina. Mukakumba chulu pamalo otsetsereka, dzenjelo likwirireni ndi kutsendera bwino, apo ayi lidzasanduka chitsime cha madzi amvula pamwamba pa nyumba yanu.

Chachisanu: mankhwala

Mankhwala othira m'dothi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano ndi okhala ndi fipronil kapena imidacloprid. Ubwino wake ndi woti chiswe sichiwanunkhiza, chimadutsamo osadziwa, n'kukapatsira anzake kumudzi kwawo. Sapha nthawi yomweyo, ndiye musataye mtima mukaona chikuyendabe masiku oyamba. Palinso ena monga bifenthrin amene amachithamangitsa, koma amenewa amafuna kuti mzere wake usaduke paliponse, chifukwa chikapeza kampata chidutsa. Mankhwala akale monga aldrin, dieldrin ndi chlordane analetsedwa kudzera mu mgwirizano wa maiko wa ku Stockholm wa 2001, chifukwa amakhalitsa m'nthaka ndi m'matupi a anthu. Wina akakuuzani kuti ali nawo "amphamvu akale aja", mukanireni.

Gulani m'sitolo yodziwika, botolo lomata bwino, lokhala ndi chikalata chake. Ku Malawi kuno bungwe la Pesticides Control Board ndi lomwe limavomereza mankhwala ophera tizilombo komanso kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi opopera. Za m'mabotolo a zakumwa zogulitsa pamsika zisiyeni: simudziwa chomwe chilimo, ndipo mwana akhoza kumwa.

Kathiridwe kake n'kotere. Kumbani kangalande kogundana ndi maziko kuzungulira nyumba yonse, masentimita 15 m'lifupi ndi 15 kuya kwake. Sungunulani mankhwala ndi madzi monga momwe chikalata chanenera, osaonjezera poganiza kuti akhala amphamvu. Thirani pang'onopang'ono kuti alowerere, ndipo dothi lomwe mukubwezera nalonso linyowetseni ndi mankhwalawo. Pamalo otsetsereka pali chinthu china choti muchite: kangalande kotsika m'mbali mwa nyumba mukadule m'zigawo zifupizifupi ndi timilambala ta dothi. Mukapanda kutero mankhwala onse athamangira kukona ya kumunsi, khoma lakumtunda, lomwe ndi lofunika kwambiri, n'kutsala louma.

Pomwe pali simenti, monga pakhonde kapena mkati mwa nyumba, pamafunika kuboola timabowo motsatira khoma, motalikirana pafupifupi masentimita 30, kupopera mankhwala pansi ndi makina, n'kumatanso. Ntchito imeneyi ndi ya akatswiri. Mukawaitana, afunseni chiphaso chawo, akuonetseni botolo asanalitsegule, ndipo akulembereni dzina la mankhwala, kuchuluka kwa malita ndi nthawi yomwe adzabwerenso kudzaona. Wopopera amene wangomwaza pakhoma ndi pansi mphindi zochepa n'kulandira ndalama sanachite kanthu, chifukwa chiswe sichikhala pamwamba.

Valani magolovesi, magambutsi, masiki ndi zovala zamanja aatali. Ana, nkhuku ndi agalu atalikire mpaka pataumiratu. Musathire mankhwala dothi lili lonyowa kapena kumwamba kutachita mdima wa mvula. Ndikunenetsa pamenepa chifukwa m'phiri chilichonse chothira pansi chimatsika. Kumunsi kwanu kuli anthu otunga pachitsime, kuli amayi ochapa mumtsinje wa Naperi kapena wa Nasolo, ndipo fipronil ndi poizoni kwa nsomba ndi njuchi. Ngati pafupi ndi nyumba pali chitsime kapena kasupe, musathire nokha, funsani odziwa. Botolo likatha liboole kuti wina asasungiremo mafuta ophikira kapena madzi.

Chachisanu ndi chimodzi: matabwa

Thabwa lomwe ladyedwa silichira. Mukatha kuthira mankhwala, kalipentala achotse zonse zoonongeka, kuyambira mitengo yosenza denga. Paini ndi bulugamu wosaviika m'mankhwala chiswe chimadya ngati ndiwo, ndiye gulani matabwa oviikidwa kale, aja amaoneka obiriwira, kapena pakani Solignum mbali zonse, makamaka kumapeto komwe macheka adutsa. Ambiri amapaka oyilo wakuda wa galimoto. Amachedwetsako pang'ono, koma salowa mkati mwa thabwa, amanunkha, ndipo amakoleza moto. Mkungudza wa ku Mulanje chiswe sichiukonda, n'zoona, koma mtengowu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo ndi wotetezedwa, musaugule kwa ozembetsa. Kumbali yakumtunda, mafelemu achitsulo ndi abwino kuposa athabwa.

Ngati mukumanga kumene

Inu muli ndi mwayi umene achemwali anga analibe. Imani pomwepo tsiku lothira dothi m'maziko, muonetsetse kuti simukulowa zitsa, mizu, matumba a simenti kapena zidutswa za matabwa. Amisiri akatopa amakonda kukwirira zinyalala mmenemo, ndipo mbali yothira dothi ya nyumba ya m'phiri imameza zambiri. Dothilo litsenderedwe pang'onopang'ono, chifukwa likadzatitimira simenti imang'aluka, ndipo mng'alu wolowa khadi ya ku banki ndi wokwanira kuti chiswe chidutse. Mankhwala athiridwe padothi lonse asanayale pepala lakuda ndi kuthira konkire, ndipo konkireyo ithiridwe mwamsanga dzuwa ndi mvula zisanawaononge. Matabwa ogwirira konkire achotsedwe onse ikauma.

Amene muli pa lendi, jambulani zithunzi pafoni n'kuwatumizira alandilodi tsiku lomwelo, ndipo mabuku, zikalata ndi masutikesi zichoke pansi.

Mankhwala a m'dothi amafooka pakapita zaka, ndipo m'phiri momwe madzi amayenda kwambiri amafooka msanga. Muziyendera nyumba ndi tochi kawiri pachaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi mu Epulo ikamatha. Ngalande ija muziichotsa mchenga ndi zinyalala mvula yamphamvu ikangogwa. Kwa achemwali anga kuseri kwa nyumba tsopano kumadutsika, ndipo atapita kukaona mu Epulo anapeza kamzere kamodzi katsopano, osati panyumba koma pa chitsa cha mpeyala chomwe tinachiiwala pafupi ndi bafa. Mphwanga anachizula Loweruka lomwelo.