Kawerengedwe ka zotsatira za magazi osonyeza kutupa kwa mitsempha mwa anthu omwe ali ndi HIV

Ngakhale munthu azimwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachirombo kusiya kuoneka m'magazi, chitetezo cha m'thupi mwake sichipumuliratu, ndipo izi zimabweretsa kutupa kobisika m'thupi. Kutupa kobisikaku sikupweteka, koma kumanyekula khoma la mkati mwa mitsempha ya magazi, mafuta n'kuyamba kumatirira pomwepo, ndipo pakapita zaka njira ya magazi imachepa. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu omwe ali ndi HIV amadwalira mtima pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo.

Chizindikiro chomwe mungayezetse ndi CRP, puloteni yomwe imapangidwa ndi chiwindi thupi likatupa, ndipo kuyeza komwe kumaigwira ngakhale ili yochepa kumatchedwa hsCRP. Zina ziwiri, IL-6 ndi D-dimer, zimagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufuku, monga wa SMART, yemwe mu 2006 adaonetsa kuti odukiza ma ARV amadwala ndi kumwalira kuposa omwa mosalekeza.

Musayezetse mukudwala. Malungo, chimfine, chifuwa chachikulu ngakhalenso chilonda chamafinya pamwendo zimakweza CRP kwambiri, moti nambala ya tsikulo siinena kanthu za mitsempha yanu. Dikirani masabata awiri mutachira, ndipo mukalandira pepala, onetsetsani kuti palembedwa hs, chifukwa CRP wamba sigwira kutupa kochepa.

Nambala yosafika 1 mg/L imasonyeza chiopsezo chochepa, ya pakati pa 1 ndi 3 chapakati, pomwe yoposa 3 ndi yokwera. Ikadutsa 10, nthawi zambiri pamakhala matenda ena m'thupi, choncho muyenera kuyezetsanso. Koma kunena zoona, nambalayi payokha ndi mboni yofooka, ndipo kuyezaku sikupezeka m'zipatala zonse. Chofunika kwambiri n'chakuti patsiku lokatenga mankhwala mupemphe kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mafuta a m'magazi, zonse zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi viral load (kuchuluka kwa kachirombo m'magazi) yomaliza. Ngati mumasuta fodya, nenani mosabisa, pakuti fodya amawononga mitsempha kuposa zomwe hsCRP ingaonetse.

Ngati muli ndi zaka za pakati pa 40 ndi 75, funsani adokotala za mankhwala a gulu la statin, omwe amachepetsa mafuta a m'magazi. Kafukufuku wa REPRIEVE, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2023, adapeza kuti pitavastatin, mmodzi mwa mankhwalawa, adachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 peresenti mwa anthu omwe ali ndi HIV. Musagule nokha kufamase musanafotokoze ma ARV omwe mukumwa, chifukwa statin wina wotchedwa simvastatin sayenera kuphatikizidwa ndi ma ARV okhala ndi ritonavir. Akakumana m'thupi amatha kuvulaza minofu.