Wobwera kumene musamupatse zitsulo musanamufunse

Anzanga amene mumaphunzitsa anthu kulimbitsa thupi ku jimu, munthu watsopano akabwera musathamangire kumupatsa zitsulo. Khalani naye pansi kaye, mumufunse ngati ali ndi BP, shuga, bondo lomuvuta, komanso mankhwala amene akumwa. Ambiri sanena okha, amachita manyazi.

Ine ndimayenda ndi kamakina koyezera BP m'chikwama. Nambala yapamwamba ya BP ikapitirira 180, tsiku limenelo sitiyamba, ndimamupempha akaonane ndi adokotala kaye. Wa BP muzimuyang'anitsitsa nkhope akamanyamula: akagwira mpweya mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, BP imakwera mwadzidzidzi. Muuzeni azitulutsa mpweya pokweza chitsulo. Wa shuga asabwere ndi njala, ndipo nthochi ikhale pafupi.

Sabata yoyamba, kukhala ndi kudzuka pampando kakhumi, maulendo atatu, n'kokwanira.