Kapadi ka masiku wamba: kavalidwe ndi kasinthidwe kake

Mwana wa achemwali anga atabwera kudzakhala nafe ku Mufakose, mumzinda wa Harare, anapeza kapaketi m'chikwama changa, n'kufunsa kuti, "Amayi aang'ono, timapadi tating'ono chonchi tingagwire chiyani?" Ndinaseka. Si ta kumwezi timeneti. Papaketi amalemba kuti panty liner, ndipo ntchito yake ndi kulandira chikazi cha masiku wamba, timadontho ta tsiku lomaliza la msambo, kapena timkodzo tothawa potsokomola, zomwe enafe tinayamba kuziona titabereka.

Kuvala kwake sikuvuta. Sambani m'manja, matulani kapepala kakumbuyo, matani pakati pa panti wa kotoni, n'kukanikiza ndi chala kuti kasapindike. Panti akhale wokugwirani bwino. Akakhala wokhwepa, kapadiko kamakwinyika musanafike n'komwe pokwerera kombi.

Pogula, kaya mu OK kaya mu Pick n Pay, ine ndimafuna polembedwa unscented, kutanthauza tosanunkhiritsa. Tonunkhira tija timakoma m'mphuno mokha, koma khungu la kumeneko silifuna pefyumu.

Nkhani yagona pa kusintha. Chaka china mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinavala kamodzi m'mamawa, n'kupita kukapikula tomato ku Mbare Musika, kudutsa m'tauni, kubwerera madzulo titathinana mu kombi. Ndinkati ndikupulumutsa ndalama. Ndinachita choncho masiku angapo, kenako kuyabwa kwake, ndinkachita kusowa pokhala. Anesi a kukiliniki anandifotokozera kuti kapadi konyowa kamasunga thukuta ndi kutentha, ndipo tizilombo timaswana bwino pamalo otero. Chiyambire pamenepo ndimasintha pakapita maola 3 kapena 4, ndipo ndikamva chinyezi sindidikira nthawi. M'chikwama mumakhala tiwiri tapadera, tokulunga m'kajumbo. Usiku sindivala, ndipo tsiku loti ndili pakhomo pouma bwino, panti yekha amakwana.

Kogwiritsa kale ntchito kapindeni, kulungani m'pepala, tayani m'bini. M'chimbudzi chogejemula ayi ndithu. Mapaipi a m'malokeshoni athu ano amatseka kale okha, madzi n'kukhala atasowa masiku angapo, ndiye inu mukawonjezere pulasitiki?

Mtsikana uja ndinamuuzanso chinthu china chimene amayi anga sanandiuzepo. Chikazi choyera kapena chonanda ngati choyera cha dzira laliwisi pakati pa mwezi si matenda, ndi mmene thupi limadzitsukira. Koma chikasanduka chachikasu kapena chobiriwira, chikayamba fungo, chikamatuluka zibumazibuma ngati chambiko uku kukuyabwa, kapena mukaona magazi nthawi yosakhala ya msambo, musabise ndi kapadi n'kumangoti ndi mauka. Pitani kukiliniki akakuoneni, ndipo m'mawa umenewo musatsuke m'kati ndi sopo, kuti anesi akapeze zinthu mmene zilili.