Kuyesa eyakoni yatsopano musanalipire mmisiri

Bambo, mwafunsa mmene mungadziwire ngati eyakoni ya mu shopu yanu ku Chipata yaikidwa bwino. Choyamba mmisiri apope mpweya wa naitrojeni m'mapaipi n'kupaka madzi a sopo polumikizira ponse. Pakachita thovu, ndiye kuti pakudontha, amangenso. Kenako akoke mpweya ndi chinyezi m'mapaipi ndi vacuum pump (pampu yokoka mpweya) mpaka geji yoyezera mpweya wotsala itsike kufika pa 500 microns. Apa musalole phuma ayi, chifukwa chinyezi chotsalira m'mapaipi chimapha kompresa (injini ya eyakoni) pang'onopang'ono.

Akatero atsegule mavavu, aone ngati magetsi akufika pafupi ndi 230V, n'kuyatsa. Pakatha mphindi 15, mpweya wotuluka uzizire madigiri 8 mpaka 12 kuposa wolowa. Yesani masana, dzuwa likuswa mtengo. Thiraninso madzi m'thireyi ya mkati, muone ngati akutulukira panja osanyowetsa khoma.