Momwe mungawerengere madeti a ufumu wa Elizabeth I popanda kusokonezeka

Amene akulemba mbiri ya Mfumukazi Elizabeth I ya ku England amapunthwa kawirikawiri pa madeti, chifukwa zikalata za nthawi imeneyo siziwerenga masiku ngati kalendala yathu. Pali zinthu zitatu zofunika kuzisamala, ndipo chilichonse chili ndi kakonzedwe kake.

Yambani ndi tsiku loyamba chaka. Ku England chaka chinkayamba pa 25 Malichi, mpaka mu 1752. Mukapeza deti la pakati pa 1 Januwale ndi 24 Malichi m'chikalata chakale, onjezerani chaka chimodzi. Elizabeth analowa ufumu pa 17 Novembala 1558, ndipo anavekedwa chisoti ku Westminster Abbey pa 15 Januwale 1559. Mlembi wa masiku amenewo analemba kuti Januwale 1558. Mukangokopera osakonza, ndiye kuti mwamuveka chisoti Elizabeth pamene mkulu wake Mary I adakali pampando. N'chimodzimodzi ndi Mary, mfumukazi ya ku Scotland: mlandu wake unazengedwa ku Fotheringhay mu Okutobala 1586, anaphedwa pa 8 Febuluwale 1587, koma zikalata zimati 1586, ngati kuti anaphedwa asanazengedwe mlandu. Imfa ya Elizabeth mwiniwake inagwa pa 24 Malichi 1603, tsiku lotsiriza lenileni la 1602 mwa kawerengedwe kawo. Njira yabwino ndi kulemba zaka zonse ziwiri, motere: 24 Malichi 1602/3. Chenjerani ndi makalata ochokera ku Scotland, pakuti kumeneko anayamba kutsegula chaka pa 1 Januwale kuyambira mu 1600.

Chachiwiri ndi masiku khumi. Mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza kalendala, moti pa 4 Okutobala panatsatira pa 15 Okutobala. Spain inatsata nthawi yomweyo, England ayi. Choncho kuyambira pamenepo, musanalembe deti, funsani kaye kuti analemba ndani ndipo anali kuti. Nkhondo ya pa nyanja ya ku Gravelines mu 1588, pamene zombo za Philip II, mfumu ya ku Spain, zinabalalitsidwa, Angerezi amaiika pa 29 Julaye, Asipanya pa 8 Ogasiti. Ndi tsiku limodzi lomwelo. Apa ndi pomwe olemba ambiri amadzikola: amatenga deti la nkhondo kwa Asipanya, n'kutenga la mawu a mfumukazi kwa asilikali ku Tilbury, 9 Ogasiti, kwa Angerezi. Zikatero zimaoneka ngati analankhula m'mawa mwake, chonsecho panadutsa masiku 11. Sankhani kalendala imodzi, muiuze owerenga pachiyambi, muikakamire mpaka kumapeto. Pa nkhani ya masiku khumiyi, madeti a chaka cha 1582 chisanafike musawakhudze.

Chachitatu ndi zaka za ufumu. Malamulo ndi zikalata za minda nthawi zambiri sizitchula chaka konse, zimangoti "chaka cha 30 cha Elizabeth". Chaka chilichonse cha ufumu wake chimayamba pa 17 Novembala n'kutha pa 16 Novembala. Ngati deti lili pakati pa 17 Novembala ndi 31 Disembala, wonkhetsani nambalayo ndi 1557. Ngati lili pakati pa 1 Januwale ndi 16 Novembala, wonkhetsani ndi 1558. Julaye wa chaka cha 30 ndi 1588. Musawerengere kuchokera tsiku lovekedwa chisoti, chifukwa ufumu unayamba tsiku limene Mary I anamwalira.

Mukamaliza, yesani ntchito yanu ndi manambala awa: anabadwa pa 7 Sepitembala 1533, analowa ufumu ali ndi zaka 25, analamulira zaka 44 ndi miyezi inayi, anamwalira ali ndi zaka 69, m'chaka cha 45 cha ufumu wake. Mukapeza zaka 43 za ulamuliro, bwererani pa deti la imfa, mwasiya 1602 osakonza.