Yang'anani khungu lanu, mkamwa musaiwale

Inu amene muli ndi kachilombo ka HIV, kapena mukusamalira m'bale wotere, muzipeza mpata woyang'ana khungu pamalo owala, makamaka miyendo, mapazi ndi nkhope. Kaposi sarcoma ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri kuno ku Malawi, ndipo imakonda anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika.

Imayamba mwakachetechete. Pamatuluka madontho akuda kapena ofiirira, ena osalala, ena otukuka ngati njere ya nyemba. Kawirikawiri sayabwa, sapwetekanso, n'chifukwa chake ambiri amangoti ndi zipsera. Mwendo umathanso kutupa n'kulimba gwa. Mkamwa ndiye musaiwale: yatsani tochi ya foni, yasamulani pagalasi, muone kumwamba kwa mkamwa ndi nkhama. Ambiri sayang'anako.

Mukaona zotere, chonde musateme mphini kapena kupaka mankhwala ogula pamsika. Musadikirenso tsiku lanu lokatenga ma ARV. Pitani kuchipatala, muwaonetse adokotala malo onse, ngakhale obisika. Kumwa ma ARV mwandondomeko kumathandiza kuti madonthowa achepe, koma khansayi ikafalikira pamafunikanso mankhwala ake apadera. Ngati mukubanika kapena chifuwa sichikutha, nenani msanga, chifukwa imafika ndi m'mapapo momwe.