Momwe mungasankhire njira yolowetsera ndalama pa bizinesi yanu

Ambiri tikaganiza zoyamba geni timathamangira funso loti "ndigulitse chiyani?" Koma pali funso lina lofunika kuliyankha mpamba usanatuluke m'thumba: ndalama idzalowa bwanji, ndipo woipereka ndani? Mayi wamandasi pa depoti ali ndi yankho lake, kampani ya shuga ya Illovo ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa nayonso ili ndi lake. Tsatirani magawo awa kuti mupeze lanu.

Gawo loyamba: dziwani amene adzakulipirani

Wogwiritsa ntchito chinthu si nthawi zonse amakhala wolipira. Mumamvera wailesi ya Zodiak kuyambira m'mawa mpaka usiku osatulutsa tambala, chifukwa amene amalipira ndi makampani otsatsa malonda ndi mabungwe ogula nthawi ya mapulogalamu. Facebook ndi chimodzimodzi: ndalama zambiri za eni ake, kampani ya Meta, zimachokera kwa otsatsa malonda. Ngati mukufuna kutsegula tsamba la nkhani kapena tchanelo ya YouTube, dziwiranitu kuti muyenera kusonkhanitsa kaye khamu la anthu, ndipo miyezi yoyambirira mudzagwira ntchito popanda cholowa. Lembani papepala mtundu wa munthu amene adzapise m'thumba. Likakuvutani dzina limeneli, musapitirire.

Gawo lachiwiri: sankhani chimene adzalipirire

Njira yodziwika kwambiri ndi yopikula n'kugulitsa. Mumakaoda tomato ndi kabichi pa Lizulu kapena kachewere ku Tsangano, n'kudzagulitsa m'tauni, ndipo phindu ndi chotsala mukachotsa mtengo wooda, thiransipoti ndi zoola panjira. Ena amapanga okha katundu, monga sopo, buledi kapena zitseko. Ena sagulitsa katundu konse, amalipiritsa ntchito: wachigayo pa ndowa, wakabaza pa ulendo, wometa pa mutu.

Ine ndimafuna achinyamata aziganizirapo kwambiri za komishoni. Taonani ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba atakhala pansi pa ambulera, kope ndi foni zili patebulo. Alibe katundu woti angaole kapena kutha fasho. Chake ndi fuloti, ndalama zimene amasunga m'foni ndi m'manja zotumikira makasitomala, ndipo amadyapo pang'ono nthawi iliyonse munthu akaika kapena kutapa ndalama. Nayo AHL, kampani yoyendetsa misika ya fodya, imadula gawo lake pa fodya wogulitsidwa ku okushoni ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, chonsecho fodyayo ndi wa mlimi. Njira iyi imafuna kuti anthu azibwera ambirimbiri, choncho malo ndiwo amalamula. Ejenti wa kuseri kwa nyumba amangowodzera tsiku lonse, mnzake wa pamsika fuloti itamuthera dzuwa lisanafike paliwombo.

Palinso zolipira mwezi ndi mwezi, ngati GOtv ndi DStv. Ubwino wake mumadziwiratu zolowa mwezi wamawa, ndipo njira imeneyi imatheka ngakhale pa bizinesi yaing'ono monga yotola zinyalala m'makomo. Kubwereketsa matenti, mipando ndi zimbale za paukwati kapena pamaliro nakonso n'kwabwino, chifukwa katundu mmodzi yemweyo amakubweretserani ndalama kambirimbiri. Za chiwongoladzanja samalani nazo: banki nkhonde ya anthu odziwana ndi nkhani ina, koma kukongoza anthu ndalama ngati bizinesi kumafuna chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi.

Gawo lachitatu: funsani kuti ndalamayo idzafika liti

Apa ndi pamene ambiri timagwa. ESCOM imalandira ndalama yanu musanayatse babu, pa mamita ogulira mayunitsi. Makampani a foni nawonso amalandiriratu musanaimbe. Wolandira kaye amagona tulo.

Ine zinandionekera. M'chaka cha 2023 ndinapeza mwayi woperekera nyemba pa sukulu ina yogonera komweko. Mtengo tinagwirizana unali wokoma, ndipo ndinatsanulira mpamba wonse pamenepo. Matumba ndinatsitsa, ananditsindikizira chidindo pa invoisi, nkhani n'kukhala ya "bwerani sabata yamawa". Ndikudikira choncho, mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pamene cheke chinkatuluka, ndalamayo sikanathanso kugula matumba amene ndinapereka aja. Papepala ndinapindula, koma m'sitolo munali mbee.

Choncho musanavomere oda yaikulu, gwirizanani tsiku lolipira ndipo lilembedwe. Pemphani dipoziti, makamaka ngati ndinu telala, kalipentala kapena wophika makeke. Ndipo kope la ngongole pa okala yanu likhale ndi malire, ngakhale wokongolayo akhale mlamu wanu.

Gawo lachinayi: werengerani pa chinthu chimodzi

Tengani ndowa imodzi, ulendo umodzi kapena thumba limodzi. Tiyerekeze kuti mwaoda chinthu pa K8,000 n'kugulitsa K10,000. Musathamangire kunena kuti mwapindula K2,000. Chotsanipo thiransipoti, chiphaso cha msika, majumbo, lendi, magetsi ndi malipiro anu omwe, chifukwa nanunso ndinu wantchito pamenepo. Chotsalacho muchulukitse ndi kuchuluka kwa zimene mungagulitse pa mwezi wovuta ngati Januwale, anthu atathera ndalama ku fizi ndi feteleza. Bizinesi ikapirira Januwale, miyezi yokolola siingakuvuteni.

Gawo lachisanu: yambani ndi khomo limodzi, lachiwiri libwere pambuyo

Yesani kwa miyezi itatu ndi mpamba wochepa, mukulemba chilichonse cholowa ndi chotuluka tsiku ndi tsiku. Zikayamba kuyenda, yang'anani china chimene makasitomala omwewo angalipirire popanda inu kufuna malo atsopano. Wachigayo amatha kusonkhanitsa madeya n'kumagulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku. Wometa amatchajitsa mafoni. Mwini golosale amakhalanso ejenti, ndipo wobwera kudzatapa ndalama amagulirapo shuga ndi sopo.

Mukafika pofuna kuperekera katundu m'makampani kapena m'maofesi a boma, lembetsani dzina la bizinesi yanu ku ofesi yolembetsa mabizinesi ndipo mutenge nambala ya msonkho, TPIN, ku MRA. Popanda mapepala awiriwa, ambiri sangalandire n'komwe kotesheni yanu.